Ndikufuna kuweta ng'azi ya m'madzi: kodi khola lotetezeka limangidwe bwanji?

Wongoyamba kumene:

Moni nonse amene mumaweta nyama zokwawa. Ndikuganiza zogula kang'azi ka m'madzi ka mtundu wa ku Asia, umene akatswiri amautcha Varanus salvator, ndipo wogulitsa wandiuza kuti pakadali pano ndi kotalika masentimita pafupifupi 35 kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira. Ndinawetapo abuluzi ang'onoang'ono, koma ng'azi sindinaigwirepo n'komwe. Ndili ndi bokosi lagalasi lotalika mita imodzi ndi theka, komanso chipinda chimodzi chimene sichikugwiritsidwa ntchito. Kodi bokosilo lingakakwanire kwa nthawi yaitali bwanji? Nanga kutentha ndi madzi ndizikonze motani? Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti pakhomo pano pali ana aang'ono ndi mphaka, ndipo sindikufuna kuti wina aliyense avulale, ngakhale ng'aziyo. Chonde ndithandizeni nzeru ndisanapereke ndalama.

Woweta ng'azi:

Mwachita bwino kufunsa musanagule, chifukwa ambiri amafunsa nyama itafika kale pakhomo. Yankho langa ndi lakuti mange kaye khola la ng'azi yaikulu, ndipo mukaona kuti malo kapena mphamvu zolimangira palibe, musagule kakang'onoko. Mtundu umenewu ndi umodzi mwa abuluzi aakulu kwambiri padziko lapansi, ndipo pa kulemera umangoposedwa ndi ng'azi ya ku chilumba cha Komodo ku Indonesia. Yaikulu imafika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, yamphongo imakula kuposa yaikazi, ndipo ku Sri Lanka kunapezekapo ina yotalika mamita 3.21. Ikamadya bwino pamalo otentha bwino, ikhoza kufika mita imodzi chaka chake choyamba chisanathe, choncho bokosi lanulo lidzakuthandizani miyezi yowerengeka chabe. Kumbukiraninso kuti ikasamalidwa bwino imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 15.

Kwa ng'azi yaikulu, ine sindingavomereze khola lochepera mamita atatu ndi theka m'litali, mamita awiri m'lifupi ndi mamita awiri kupita m'mwamba. Ena amatchula miyeso yocheperapo, koma ndikaona mmene nyamayi imayendera tsiku lonse, kukumba, kukwera ndi kusambira, ndimaona kuti miyeso imeneyo imangoganizira zakuti nyama ikwanemo, osati ikhalemo. Chipinda chanucho ndiye chuma chanu chenicheni. Makoma ake apakidwe mankhwala oletsa madzi kulowa, pansi pakhale simenti yotsetsereka pang'ono kulowera kungalande, ndipo pamwamba pa simentiyo muthire dothi losakaniza ndi mchenga lakuya masentimita 60, lonyowa mokwanira kuti una usagumuke. Galasi lokhalokha silisunga kutentha, ndipo khola la waya limataya chinyezi chonse, komanso ng'azi imadzisupula mphuno poyesa kutulukira pa wayapo.

Pa nkhani ya kutentha ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ng'azi siitha kudzitenthetsa yokha, imadalira malo owothera kuti igaye chakudya ndi kulimbana ndi matenda. Pamwamba pa mwala kapena thabwa lowotherapo pafunika kufika madigiri 50 mpaka 60, mpweya wa m'kholamo ukhale pakati pa madigiri 27 ndi 32 masana, mbali ina ikhale yozizirirapo kuti nyama izisankha yokha, ndipo usiku kusatsike pansi pa madigiri 24. Musaike babu limodzi lamphamvu kwambiri lowalitsa malo ochepa. Nyama yaikulu imagona pansi pake kudikira kuti thupi lonse litenthe, pamene kachigawo kamodzi ka msana kakupsa, ndipo zilonda zamoto zoterezi zimatenga miyezi kuti zipole. Ikani mababu atatu kapena anayi amphamvu yocheperapo mondondozana, kuti kutentha kufike thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuchiyambi cha mchira, ndipo muwatchinge ndi waya wolimba poti ng'azi imakwera ndi kuwagwira. Pambali pake paikidwe babu lalitali la UVB (kuwala kosaoneka ndi maso, konga kwa dzuwa, kothandiza mafupa kulimba), limene liyenera kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse ngakhale likuwalabe, chifukwa mphamvu yake imachepa maso osaona. Chinyezi chikhale pakati pa 60 ndi 80 peresenti. Muzipima kutentha kwa pamwala ndi kachipangizo kopimira kutentha pongokalozetsa pamalopo, osati kungoyerekeza ndi dzanja.

Mmisiri wa makhola:

Ndikugwirizana ndi zonse zimene anenazi, koma ndiwonjezerepo za madzi, chifukwa ndi amene amatopetsa anthu mpaka kufika pogulitsa nyama yawo. Dziwe liyenera kukhala lalikulu moti ng'azi imiremo yonse ndi kutembenuka momasuka, ndipo kwa yaikulu zimenezi zikutanthauza malita mazanamazana. Vuto n'lakuti nyamayi imakonda kuchita chimbudzi m'madzi momwemo, imalowamo ndi dothi m'mimba ndi m'zikhadabo, ndiponso imakokeramo zotsala za chakudya. Madzi amene munathira m'mawa ali mbee, pofika madzulo amakhala atada bii ndipo akununkha. Fyuluta, chipangizo chosefa madzi, imathandiza, koma yokha siikwanitsa. Choncho dziwelo likhale pamalo okwera pang'ono, pansi pake pakhale paipi yaikulu yotulutsira madzi yokhala ndi chotsekera kunja kwa khola, ndipo mpopi wothirira madzi atsopano ukhale pafupi. Mukadalira ndowa, mudzayamba kuzengereza kusintha madzi, ndipo amene adzavutike ndi khungu ndi maso a nyamayo. Madzi akhale ofunda, pafupifupi madigiri 26 mpaka 28.

Madzi ndi magetsi zikakhala m'chipinda chimodzi pamafunika mmisiri wa magetsi wodziwa ntchito yake. Mawaya onse adutse m'mapaipi kapena kunja kwa khoma, masoketi akhale m'mwamba kutali ndi madzi othovuka, ndipo pakhale chipangizo chodula magetsi chokha chikangozindikira kuti akutayikira kwina. Chotenthetsera madzi chagalasi musachiike m'dziwe momwe muli nyama, chifukwa mchira umodzi wokha ukhoza kuchiswa. Chikhale m'thanki ya fyuluta, kunja. Zotenthetsera zonse zilumikizidwe ku thermostat, chipangizo chozimitsa ndi kuyatsa chokha kuti kutentha kusapitirire muyeso.

Za chitseko musazitenge mopepuka. Ng'azi ndi nyama yanzeru ndi yamphamvu, imayesa pangodya paliponse ndi mphuno ndi zikhadabo, ndipo imaphunzira kukankha chitseko chotsetsereka ikangoona kuti chimasuntha. Muike loko wa kiyi, ndipo ngati n'kotheka pakhale zitseko ziwiri, kuti mutseke choyamba musanatsegule chachiwiri. Nthambi ndi mashelefu zikhomeredwe kukhoma ndi mabawuti, poganizira kuti tsiku lina zidzanyamula nyama yolemera makilogalamu oposa 10, ndipo miyala ikuluikulu ikhale pa simenti penipeni kuti isaiphwanye ikamakumba pansi pake.

Wongoyamba kumene:

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwanditsegula maso. Ndimaganiza kuti ikazolowera anthu ndizidzaisiya kuti iziyendayenda m'nyumba masana, kuti khola lisachite kufunika lalikulu chotero. Kodi zimenezo n'zotheka? Wogulitsa akunena kuti mtundu umenewu ndi wofatsa.

Wothandiza kuchipatala cha ziweto:

Ayi, kuyendayenda m'nyumba sikungalowe m'malo mwa khola. Pansi pa nyumba ya anthu pamazizira ndipo mpweya wake ndi wouma kwa nyama yochokera m'madambo otentha, moti ikakhala pamenepo maola ambiri tsiku ndi tsiku imachepa madzi m'thupi, khungu silifunduka bwino, ndipo m'kupita kwa nthawi impso zimavutika. N'zoona kuti ng'azi za ku Asia zambiri zimazolowera anthu mosavuta kuposa ng'azi ya mtundu wa Varanus niloticus ya mu Africa, koma kufatsa sikuchotsa mano, zikhadabo ndi mchira. Ikamva fungo la chakudya imalumpha isanaone bwino chimene ikuluma, ndipo bala lake limakhala lakuya ndi losachedwa kutukusira. Mphaka wanu asakumane nayo n'komwe: ikadali yaing'ono mphaka akhoza kuipha, ndipo ikakula zinthu zimatembenuka.

Pa za ana ndilankhula mosabisa. Nyama zokwawa zambiri zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'matumbo popanda kuoneka kuti zikudwala, ndipo tizilomboti timapezeka m'ndowe, m'madzi a dziwe ndi pakhungu. Akuluakulu a zaumoyo ku America amalangiza kuti ana osakwana zaka zisanu asamagwire nyama zoterezi, chifukwa matendawa amawagwira mwamphamvu. Ngati ana anu ali a msinkhu umenewo, maganizo anga ndi akuti mudikire kaye akule. Mukasankha kupitiriza, kiyi wa khola azikhala ndi inu nokha, ziwiya za ng'azi zisatsukidwe kumene mumatsukira mbale, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo nthawi iliyonse mukatuluka m'kholamo.

Matenda amene timawaona kawirikawiri amachokera ku chakudya. Kang'azi kakang'ono kazidya tsiku lililonse tizilombo monga mphemvu zowetedwa ndi ziwala zowazidwa ufa wa kashiamu, pamodzi ndi tinsomba tathunthu. Ikamakula muziipatsa nyama zathunthu zokhala ndi mafupa ndi zam'kati, monga nsomba, nkhanu, anapiye ndi mbewa zowetedwa, ndipo yaikulu imangofunika kudya kawiri kapena katatu pa sabata. Mnofu wokhawokha ulibe kashiamu wokwanira, ndipo ukaphatikiza ndi kusowa kwa UVB mafupa amafewa, chibwano chimapindika, miyendo n'kumanjenjemera. Kumbali inayi, kuidyetsa mbewa zonona tsiku ndi tsiku kumaipangitsa kunenepa mpaka chiwindi kudzala mafuta, ndipo eni ake ambiri amaona mimba yokwekwereza pansi n'kumaganiza kuti ndi thanzi. Ikakhala yaikazi ikhoza kupanga mazira ngakhale palibe yamphongo, ndipo ikasowa dothi lakuya, lofunda ndi lonyowa loikiramo, mazira amatsakamira m'mimba mpaka kufunika opaleshoni. Pezani dokotala wodziwa nyama zokwawa musanagule, poti si madokotala onse a ziweto amene amazilandira.

Woweta ng'azi:

Funsaninso wogulitsayo ngati kang'aziko kanaswedwa m'khola kapena kanagwidwa kutchire, ndipo akuonetseni mapepala. Mtundu umenewu uli pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES, loona za malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, kutanthauza kuti kuutumiza kuchoka dziko lina kupita lina kumafuna chilolezo, ndipo malamulo oweta amasiyana malinga ndi kumene mukukhala. Ku Florida, ku America, kumene ng'azi za mu Africa za mtundu wa Varanus niloticus zothawa kapena zotayidwa zinayamba kuswana kutchire cha ku Cape Coral, boma linaletsa kuweta mtundu umenewo ngati chiweto cha pakhomo mu 2021. Zogwidwa kutchire zimabwera kawirikawiri ndi njoka za m'mimba ndi nkhupakupa, choncho ndowe zake zoyamba zikapimidwe.

Kakafika, musakagwire masabata oyambirira ngakhale mtima ukufuna. Kapatseni malo ambiri obisala, ndipo musakafukule pomwe kabisala. Muzikhala phee pafupi ndi khola kuti kazolowere kukuonani, kenako muyambe kukapatsa chakudya ndi chopanira chachitali. Poyamba kadzafufuma pakhosi, kupemerera mwaukali ndi kukwapula mchira, koma pang'onopang'ono kadzayamba kutulutsa lilime lake la mphanda modekha kuti kamve fungo lanu, kenako kadzaponda padzanja panu potsatira chakudya. Lolani kuti kakwere kokha ndi kutsika kokha, ndipo dzanja lizibwera kuchokera pansi, chifukwa chilichonse chochokera m'mwamba kamachiona ngati mbalame yolusa.