Timatabwa tikuthyoka kumphuno kwa kachombo ka Cutty Sark: vuto ndi mtengo kapena njira yanga?

Kalipentala wa ku Zomba:

Moni akuluakulu nonse. Ntchito yanga ndi ya mipando ndi zitseko, koma ndikaweruka ndimapanga kachifaniziro kamatabwa ka Cutty Sark, chombo cha matanga cha ku Britain chimene anachitsitsira pamadzi ku Dumbarton m'chaka cha 1869. Ndikutsata sikelo ya 1:96, kutanthauza kuti muyeso uliwonse wa chombo chenicheni ndikuugawa ndi 96, choncho thupi la chombo, lomwe ndi lalitali mamita pafupifupi 65, likutuluka masentimita 67, ndipo m'lifupi likupitirira pang'ono masentimita 11.

Msana ndi nthiti, zomwe ndi chigoba cha m'kati mwa chombo, ndinazidula papulayiwudi ndipo zinakhala bwino. Zavuta pokuta thupi ndi timatabwa. Pakati pa chombo timagona popanda vuto, koma tikamayandikira kumphuno, kumene chombochi n'chosongoka kwambiri, timapotoka, m'mphepete mwake mumatukuka, ndipo ndikatikakamiza timathyoka. Timatabwato ndikucheka kuchokera ku zidutswa za mlombwa zimene zimatsala kushopu. Kodi cholakwika ndi mtengowo, kapena ndi mmene ndikuyalira? Ndikufunanso malangizo pa zinthu ziwiri zimene zili kutsogolo: mkuwa wokutira kunsi kwa chombo, ndiponso ngati kuli koyenera kusoka matanga.

Agogo a Tamanda:

Bambo, zonse ziwiri zili ndi mlandu, koma wamkulu ndi wa kayalidwe. Ndiyambire pamenepo.

Chitseko n'chafulati, pomwe thupi la chombo limakhota mbali ziwiri nthawi imodzi. Kathabwa kowongoka kamalola kupindika cha pamimba pake, koma sikalola kupindika cha m'mphepete, ndipo kumphuno kwa chombo mukukapempha kuti kachite zonse ziwiri. N'chifukwa chake kamatukula mphepete imodzi, ndipo mukakapanikiza kamathyoka. Mankhwala ake si mphamvu kapena guluu wambiri, koma kukasema kuti kafanane ndi malo ake kasanamatidwe.

Musanamate kalikonse, yambani mwasalaza nthiti. Nthiti yodulidwa papulayiwudi imakhala ndi mphepete yoima chilili, pomwe kumphuno kathabwa kamafika mopendekeka, ndiye kamangokhudza ngodya imodzi yokha. Matani sandipepala pa kathabwa kotalika kokwanira kugona pa nthiti zitatu kapena zinayi, ndipo muzipala mpaka kamtengo kopyapyala kakagonekedwa kazikhudza nthiti iliyonse m'lifupi mwake monse, popanda chotupa kapena dzenje. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo sionetsa phindu tsiku lomwelo, koma ndi imene imaweruza maonekedwe a chombo chonse.

Kenako dulani timizere ta pepala, kamodzi pa nthiti iliyonse, muyeze mtunda wochokera pamsana kukafika pamwamba potsata kukhota kwa nthitiyo. Tiyerekeze kuti pa nthiti yapakati mwapeza mamilimita 120 ndipo timatabwa tanu ndi ta mamilimita 4: ndiye kuti pakufunika timatabwa 30. Ngati pa nthiti ina yakutsogolo mwapeza mamilimita 75, timatabwa 30 tomweto tiyenera kukwana pamenepo, kutanthauza kuti kalikonse kafike pamenepo kali ndi mamilimita 2.5. Lembani zizindikiro zimenezi panthiti ndi pensulo yosongoka, ndipo kathabwa kalikonse kachepetsedwe mbali imodzi yokha. Lamulo limene opanga tizombo amatsata ndi lakuti kathabwa kasachepe kupitirira theka la m'lifupi mwake, ndiponso kasathere posongoka, popeza pa chombo chenicheni nsonga yotere sakanaikhomera msomali. Pamene malo achepa kwambiri, timatabwa tiwiri timalowa m'kamodzi tisanafike kumphuno. Kumbuyo zimatembenuka, chifukwa malo amakula ndipo pamafunika kuwonjezera kathabwa kakafupi pakati pa tinzake. Zimathandiza kugawa thupi lonse m'malamba atatu kapena anayi ndi ulusi, kuti cholakwa cha lamba mmodzi chisasefukire kwa mnzake.

Pamene pakhota kwambiri, matani tepi ya pepala pamalo pamene kathabwa kakagone, mujambule mphepete ya kathabwa kamene kamatidwa kale, musamutsire mzerewo pathabwa lokulirapo, n'kudula. Kotulukako kadzaoneka kokhota mochititsa manyazi kali patebulo, koma pachombo kadzagona kokha.

Za kupinda, chimene chimafewetsa mtengo ndi kutentha, ndipo madzi amangothandiza kuti kutenthako kulowe m'kati. Viikani kathabwa m'madzi otentha kwa mphindi zochepa, kapindeni pa chitini kapena paipi, mudutsitsepo simbi yositira, mukasiye kaume kali kopindika. Mukakamata kali konyowa, kadzafota pouma n'kusiya mpata. Guluu woyera wa matabwa amene muli naye kushopu ndi wokwanira. Uja wogwira pompopompo ndimamukana chifukwa amathimbiritsa mtengo ndipo sapereka mpata wokonza. Muziyala kathabwa kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere, kuti msana usakokedwe mbali imodzi.

Mlombwa wanu sungani kuti mudzapangire choikapo chombo. Mitsempha yake ndi yaikulu, ndipo mukaucheka kufika pa milimita imodzi umathyokera m'mitsemphamo.

Nachisale wa ku London:

Zimene anena Agogo a Tamanda ndi zoona, koma ine ndikufuna kubweza funso kwa inu, bambo a ku Zomba: mukupanga Cutty Sark ya chaka chiti? Mayankho a mafunso anu ena awiri agona pamenepo, chifukwa chombochi sichinaoneke mofanana moyo wake wonse.

Jock Willis, mwini zombo wa ku London, anachimangitsa kuti chizithamanga ndi tiyi wa ku China, koma chinatsikira pamadzi mwezi womwewo wa Novembala 1869 pamene ngalande ya Suez, yofupikitsa ulendo wa pakati pa Ulaya ndi Asia, inatsegulidwa, ndipo sitima za nthunzi zinayamba kulanda malondawo. Tiyi chinamunyamula komaliza mu 1877. M'zaka zimenezo chinali ndi matanga ake onse, kuphatikizapo kathanga kapamwamba penipeni pa mlongoti wapakati ndi ena otambasukira m'mbali. Mu 1880 anafupikitsa milongoti ndi mitanda yake n'kuchotsa matanga amenewo, kuti chiziyendetsedwa ndi anthu ochepa. Mbiri yake yaikulu ya liwiro inabwera chitachepetsedwa kale, pamene chinkanyamula ubweya wa nkhosa kuchokera ku Australia, makamaka kuyambira 1885 pamene Richard Woodget anakhala woyendetsa. Woodget ankajambulanso zithunzi, ndipo zimenezi zimapangitsa kuti nthawi imeneyi ikhale yosavuta kuitsata.

Mu 1895 chinagulitsidwa ku kampani ya ku Portugal n'kupatsidwa dzina lakuti Ferreira, ndipo chinkafika m'madoko a Mozambique ndi Angola. Mu 1916 chinathyoka milongoti kufupi ndi Cape of Good Hope, anachikokera ku Table Bay, ndipo ku Cape Town anachimanga mwa mtundu wina, matanga opingasa n'kutsala pa mlongoti wakutsogolo wokha. Wilfred Dowman, woyendetsa zombo wa ku Britain wopuma ntchito, anachigula mu 1922, ndipo kuyambira 1954 chili pamtunda ku Greenwich mu London. Mapulani ndi zithunzi zimene mungapeze pa intaneti ndi za nthawi zosiyanasiyanazi, ndipo mukasakaniza mudzatulutsa chombo chimene sichinayendepo panyanja iliyonse.

Za mkuwa, musaike wofiira. Kunsi kwa Cutty Sark kunakutidwa ndi chitsulo cha Muntz, chimene ndi mkuwa magawo pafupifupi 60 pa 100 osakanizidwa ndi zinki, ndipo mtundu wake ndi wachikasu. Chitakonzedwa pambuyo pa moto umene unachiwononga mu 2007, chombochi anachikweza mamita atatu, moti kuyambira 2012 munthu amayenda kunsi kwake. Ndinaimapo pamenepo n'kuyang'ana m'mwamba. Timapepala tachitsulo tasanjikizana m'mphepete, mizere yake ikutsata kukhota kwa thupi osati kuwongoka, ndipo timisomali n'tating'ono kwambiri moti ukabwerera m'mbuyo pang'ono sutionanso. Pa sikelo yanu musavutike kutionetsa. Tizombo tambiri timawonongeka ndi timisomali totupa mopitirira muyeso.

Apa ndisiyana pang'ono ndi Agogo. Cutty Sark ili ndi nthiti zachitsulo zokutidwa ndi matabwa, ndipo matabwawo saonekera mwachibadwa chake: kunsi kuli chitsulo chachikasu, pamwamba pali penti yakuda. Choncho sindikuona chifukwa chowerengera timatabwa 30 mwaluso chonchi pamalo pamene padzabisika. Kukongola kwa mtengo kusungireni pamwamba pamene amalinyero ankayenda, ndi pa timanyumba ta pamenepo, timene tinali ta mtengo wa tiki wopaka vanishi.

Agogo a Tamanda:

Mayi Nachisale, pa nkhani ya chaka ndi ya mtundu wa chitsulo ndikuvomerezani kwathunthu. Pa nkhani ya kubisika ndikukana. Zomatira kunsizo n'zopyapyala ngati pepala, ndipo chinthu chonyezimira chimaonetsa chotupa chilichonse chimene chili pansi pake kuposa mmene mtengo wosapakidwa ungachionetsere. Penti yakuda nayo ndi chimodzimodzi. Chimene ndingalole ndi chakuti kunsi kwa mzere wa madzi, pamene madzi amalekezera chombo chikamayandama, bambowa akhoza kutseka mipata ndi phala la utuchi ndi guluu n'kusalaza, osadandaula ngati kathabwa kena katha molakwika. Pamwamba pa mzerewo mizere ya timatabwa imaonekerabe m'penti, ndipo iyenera kuyenda mokoma kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo.

Kukula kwa timapepala tachitsulo kuwerengeni motere: tenitenito tinkakhala pafupifupi mafiti anayi m'litali ndi mainchesi 14 m'lifupi, ndiye pa 1:96 ndi mamilimita 12.7 ndi 3.7. Yambirani kumsana ndi kumbuyo, muzikwera m'mwamba ndi kutsogolo.

Mphunzitsi wopuma ntchito:

Ndiwonjezere za mtengo, popeza mwauzidwa woti musiye koma simunauzidwe woti mutenge. Anzathu a ku Ulaya amakonda mtengo wa peyala wa kwawoko, boxwood ndi linden, chifukwa mitsempha yake n'njosaoneka. Kuno ine ndimakuta ndi malaina ouma bwino, ndipo jakaranda nayenso amandichitira zabwino pa tinthu tosema. Paini ali ndi mizere yolimba ndi yofewa mosinthana, moti sandipepala imadya yofewayo n'kusiya mikwingwirima. Mkungudza wa ku Mulanje musaufune n'komwe, chifukwa ndi mtengo wotetezedwa umene watsala pang'ono kutha. Mtengo uliwonse umene musankhe, timatabwa take tigone masiku angapo m'chipinda chimene mukugwiriramo ntchito musanatimate, ndipo thupi likatha mulipake vanishi m'kati ndi kunja. Chombo chokutidwa m'chinyezi cha Febuluwale chikasiyidwa chosapakidwa chimatsegula mipata m'kutentha kwa Okutobala.

Za matanga, ine ndikuti musasoke. Nsalu iliyonse imene mungagule ili ndi ulusi umene pa sikelo imeneyi ukuimira chingwe chachikulu, ndipo simagwa ngati thanga lenileni koma imangoima mouma. Kuwonjezera apo, Cutty Sark inali ndi matanga 32, ndipo onse akaikidwa amaphimba zingwe, zimene ndizo ulemerero wa chombo chotere. Zingwe zake zonse zinkakwana mamailo pafupifupi 11, ndiye kuti mukafuna kuika chilichonse mudzadya ulusi wopitirira mamita 180. Chombo chili padoko matanga ankatha kuchotsedwa, choncho kachombo kopanda matanga sikanama. Ngati mtima ukufunabe, ikani opindidwa pamitanda, odulidwa theka la kukula kwake kuti mpukutu usanenepe.

Zingwe zilipo za mitundu iwiri ndipo zisafanane. Zogwira milongoti kuti isagwe zinali za waya pa chombo chimenechi, ndiye zikhale zakuda kapena zotuwa moderapo, ndipo zizichepa pamene mukukwera m'mwamba. Zokokera mitanda ndi matanga zikhale zofiirira pang'ono, osati zoyera mbee. Ulusi uliwonse muudutsitse pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone. Mangani kuyambira pakati kupita kunja ndiponso kuyambira pansi kupita m'mwamba, apo ayi dzanja lidzasowa polowera. Mlongoti wapakati wokha udzatalika pafupifupi theka la mita, choncho yezeranitu bokosi lagalasi, popeza fumbi likalowa m'zingwezo palibe njira yolichotsera popanda kudula china.

Kalipentala wa ku Zomba:

Zikomo kwambiri nonse. Ndasankha chombo cha nthawi ya Woodget, chopanda matanga, ndipo malaina ndili nawo kale kushopu. Timatabwa ta mlombwa timene ndinamata ndi guluu woyera ndikufuna kutichotsa kuti ndisalaze nthiti. Kodi tingachoke popanda kung'amba pulayiwudi?

Agogo a Tamanda:

Tichoka, bambo. Nyowetsani polumikizira ndi kansalu koviika m'madzi otentha, kapena mudontheze spiriti, mudikire kuti guluu afewe, kenako mulowetse lezala pakati pa kathabwa ndi nthiti, muzikankha pang'onopang'ono kuchokera kumene kathabwa katukuka kale. Madzi asachuluke, chifukwa pulayiwudi ikamwa imatupa n'kulekana. Guluu wotsala mumupale asanaumenso, ndipo nthiti ziume tsiku lathunthu musanazikhudze ndi sandipepala. Ngati nthiti ina yadyeka m'mphepete, imatireni kamzere ka mtengo n'kuisalaza pamodzi ndi zinzake.