Zoonjezera pa funso la ulendo wa panjinga, Salima mpaka Nkhotakota

Munafunsa ngati makilomita pafupifupi 110 a msewu wa M5 angatheke tsiku limodzi. Angatheke ndithu, koma mu Juni ndi Julayi yambirani ku Salima. Mphepo ya mwera izikukankhani kumbuyo, pamene wochokera ku Nkhotakota amalimbana nayo njira yonse.

Nyamukani 5 koloko m'mawa kuti mudutse pa Benga dzuwa lisanawawe. Malita awiri a madzi sakwana, onjezerani pa Khombedza, ndipo mu lita imodzi musungunulemo paketi ya Thanzi ORS.

Machubu tengani awiri, osati imodzi, pamodzi ndi pampu ndi zigamba. Tayala lochepa mpweya likagwa m'dzenje, limu imatsina chubu n'kuboola pawiri, chigamba chimodzi osakwanira. Masipoko olobodoka akungeni dzulo lake. Pa mlatho wa Chia chepetsani liwiro, ogulitsa nsomba amadzaza m'mbali mwa msewu.