John Cazale anali ndani, nanga ana a zisudzo angatolepo chiyani?

NaChisale wa ku Chibavi:
Akuluakulu a zisudzo, ndithandizeni. M'magulu a achinyamata kuno ku Mzuzu aliyense amalimbirana gawo la mwini nkhani, palibe wofuna kukhala mchimwene wofooka kapena wantchito. Ndamva kuti John Cazale anatchuka ndi magawo otere. Anali ndani?

Aphunzitsi a ku Katoto:
Achemwali, Cazale anabadwa mu 1935 ku Revere, Massachusetts, m'dziko la America, n'kuphunzira zisudzo pa Boston University. Anakhala zaka zambiri pa siteji ku New York, kwinaku akugwira maganyu, ndipo ndi pa ntchito yaumesenjala ku Standard Oil pomwe anadziwana ndi Al Pacino. Mu 1968 awiriwa anasewera limodzi The Indian Wants the Bronx, onse n'kulandira mphoto ya zisudzo za pa siteji yotchedwa Obie. Fred Roos, wosankha osewera m'mafilimu, atamuona m'sewero la Line mu 1971, anamutchula kuti akhale Fredo, mchimwene wofooka wa Michael, mu The Godfather. Mafilimu ake ndi asanu okha: The Godfather (1972), The Conversation ndi The Godfather Part II (1974), Dog Day Afternoon (1975), The Deer Hunter (1978). Onsewo anapikisana nawo pa Oscar ya filimu yopambana, atatu anapata. Iye mwini sanasankhidweko n'kamodzi komwe, zomwe kwa ine n'kukondera basi.

Wojambula wa ku Luwinga:
Mbiriyo ili bwino aphunzitsi, koma anawo sangasinthe ndi mbiri. Aonetseni Part II, pamene Fredo ali ku Havana. Poyamba amanamizira kuti Johnny Ola, munthu wa mdani wa Michael, sakumudziwa, kenako mowa utamulowa amatulutsa yekha kuti Ola yemweyo ndiye anamuonetsa malo azisangalalo omwe apitawo. Cazale sayang'ana n'komwe kwa Michael, amangocheza ngati palibe chachitika. Mphamvu yonse ili pamenepo.

Poyeserera chitani chonchi. Tengani chigawo cha mphindi zitatu, wagawo laling'ono mumulande mawu ake onse, angomvetsera. Jambulani ndi foni pa mtunda wa mita imodzi ndi theka, nkhope yake yokha. Mukaonera mupeza zolakwika ziwiri: ena maso amafa podikira mzere wawo, ena amagwedeza mutu ndi kutong'ola maso pa liwu lililonse. Woyambayo sakumva mnzake, wachiwiriyo akubera sewero. Bwerezani kasanu, kenako mubwezereni mawu. Dziwaninso kuti zapakamera sizikwana mu holo. Mvula yakwathu kuno ikamagunda malata, wonong'ona samveka ngakhale mzere wachitatu, ndiye mantha a munthuyo aziwaika m'mapewa ndi m'kayendedwe.

Gogo Zisudzo:
Kuwonjezera apo, musasankhe munthu potengera msinkhu wokha. Sal weniweni wa nkhani ya Dog Day Afternoon anali ndi zaka 18, Cazale yemwe anasewera gawolo anali ndi 39, ndipo wotsogolera filimuyo, Sidney Lumet, poyamba ankakayika mpaka atamumva akuwerenga gawolo. Za The Deer Hunter nazonso muziphunzire. Anali atapezeka kale ndi khansa ya m'mapapo, choncho wotsogolera filimuyo, Michael Cimino, anasintha ndondomeko kuti zigawo zake zijambulidwe koyambirira. Meryl Streep, yemwe anasewera naye Measure for Measure mu 1976, anamudwazika mpaka anamwalira mu Malichi 1978 ali ndi zaka 42, filimuyo isanatuluke. Mwana wanga NaChisale, yambani ndi Part II, koma zigawo zina za ku Havana muziwone kaye nokha musanaitane anawo.