Wotchi ya asilikali a m'madzi: kamkombero kakungozungulira mbali imodzi

Chiputula_01: Abale ndithandizeni. Ku msika wa Taifa ndaona wotchi yakuda ya pa kaunjika yokhala ndi kamkombero ka manambala pamwamba, ogulitsa akuti ndi mtundu wa asilikali osambira pansi pa nyanja koma kamkomberoko kakungozungulira kumanzere basi, kumanja kakukana. Ndi kakufa kapena anapanga dala?

aPhiri_Katoto: Sikakufa ayi achimwene, ndi dala. Munthu akamalowa m'madzi amalozetsa kachizindikiro ka pa kamkomberoko pa muvi wa mphindi nde akayang'ana amadziwa kuti wakhala nthawi yaitali bwanji pansi. Kakagundidwa pamwala kamangoonetsa mphindi zochuluka kuposa zenizeni, amatuluka msanga mpweya usanathe mu silinda, kakanamabwerera kumanja bwenzi kakumunamiza kuti nthawi ikadalipo. Zambiri za kapangidwe aka zinakhazikika mu 1953 pomwe kampani ya mawotchi ya Blancpain inapanga wotchi yotchedwa Fifty Fathoms mogwirizana ndi Robert Maloubier ndi Claude Riffaud, asilikali a ku France, iwo ankafuna nkhope yakuda, manambala akuluakulu owala mumdima komanso yosalowa madzi mpaka mamita 91.

Mayi_aTiwonge: Musaiwale aku Italy aPhiri, kampani ya Panerai inawapangira asilikali awo wotchi ya Radiomir kale mu 1936, kungoti yowalitsa inali radium, poizoni weniweni. Koma ine zimandisangalatsa ndi ma Rolex Submariner omwe Royal Navy, nthambi ya asilikali a pamadzi a ku Britain, inkapatsa anthu ake m'ma 1970. Tizitsulo togwira lamba anatimatiratu osachoka, lamba wake wansalu wodutsa kunsi, mivi yonenepa ngati lupanga, mphindi zonse 60 zolembedwa pa kamkombero. Kalikonse pamenepo kali ndi ntchito yake, ndichifukwa mpaka lero ma kampani akungokopera.

Chiputula_01: Yewo nonse. Nde ndingalowe nayo m'nyanja ku Nkhata Bay?

aPhiri_Katoto: Muyambe mwawerenga zomwe alembapo. Ikalembedwa Diver's 200m ndiye kuti akutsata muyezo wa mawotchi olowa nawo pansi pa madzi wa ISO 6425, koma ya water resistant 30m ija ndi ya mvula yathu ya pa Mzuzu pano basi. Komanso labala wamkati wotchinga madzi amauma ikakalamba, ndipo ngati anaitsegulapo posintha batire osatseka bwino madzi alowa ndithu, pitani nayo kaye kwa okonza mawotchi aone labalayo. Zoti inavalidwa ndi msilikali musawonjezerepo ndalama, zenizenizo zimagulitsidwa pa okushoni kunja mtengo woposa wa galimoto.