Excel yabereka anthu athu onse mu 1905, thandizeni msanga

Mkonzi Wotopa: Anzanga, mutu waima. Buku lija la mbiri za anthu otchuka a dziko lino la Zambia lomwe tikusonkhanitsa kuno ku yunivesite, voliyumu yoyamba ikufunika kwa osindikiza mwezi wamawa. Master list yathu ndi CSV, fayilo ya mawu okhaokha olekanitsidwa ndi makoma. Mnyamata wotithandiza anaitsegula mu Excel pa laputopu yake, akuti madeti sanali kuoneka bwino, ndiye anasankha column yonse, n'kuika format yoti mwezi uzilembedwa m'mawu, n'kusevera pomwepo. Manje Kapwepwe wabadwa pa 4 Disembala 1922 m'malo mwa 12 Epulo. Lenshina wamwalira pa 12 Julayi 1978 m'malo mwa 7 Disembala. KK, Kenneth Kaunda, yekha ndiye wapulumuka, 28/04/1924 ili bwinobwino. Chondiliza kwambiri, aliyense yemwe tinangomulembera chaka tsopano wabadwa mu 1905. Backup yanga ndi ya miyezi itatu yapitayo. Ndigwire pati?

Wa ku Katalogu: Pepani a mkonzi. Choyamba, musaitsegulenso mu Excel, koperani fayiloyo kawiri muike padera. Laputopuyo ili pa madeti a ku America, mwezi patsogolo. Deti lililonse lomwe tsiku lake silipitirira 12 latembenuzidwa. La KK lapulumuka chifukwa kulibe mwezi wa 28, Excel inangolisiya ngati mawu. Madeti athunthu a obadwa 1900 isanakwane nawonso sanakhudzidwe, Excel siwerenga madeti a kumbuyoko. Za 1905 musade nazo nkhawa: Excel imawerenga masiku kuyambira pa 1 Januwale 1900, ndiye nambala 1924 ikaikidwa ngati deti imakhala 7 Epulo 1905. Mukabweza detilo kukhala nambala, chaka chanu chitulukanso. Gwiritsani OpenRefine, pulogalamu yokonzera deta yosokonekera, imasunga zonse zomwe mwasintha.

Achikulire Opuma: Ife tinkalemba pa makadi. Khadi limodzi munthu mmodzi, deti kumanja, komwe talitenga kumbuyo. Sindinaonepo khadi litadzisintha lokha usiku.

Mkonzi Wotopa: Zikomo a ku katalogu, za 1905 ndamva. Ndiye onse omwe mwezi uli m'mawu ndingowatembenuza?

Wa ku Katalogu: Ayi ayi, dikirani. Olemba anu onse ankalemba madeti mofanana? Ngati wina analemba kale "3 September 1948" m'mawu, Excel inawerenga molondola, ndipo lero likuoneka chimodzimodzi ndi olakwika aja. Mukatembenuza onse, a Mwanawasa mudzawaberekera pa 9 Malichi ndi dzanja lanu.

Mkonzi Wotopa: Mayo ine. Olemba ndi ambiri, aliyense ndi kalembedwe kake.

Amayi a ku Akaivi: Ndiye palibe chidule mwananga. Yerekezani ndi backup yakaleyo mzere ndi mzere pa ID, osati pa dzina, mayina amabwerezana. Zatsopano za miyezi itatuzo bwererani ku zolemba zomwe olemba anatumiza. Koma poti mwatsegula kale mphikawo, yang'anani angati ali pa 01/01. Ine zinandionekerapo. Banja lina linabwera ndi NRC, chitupa cha unzika, ya agogo awo, tsiku lobadwa 1 Januwale, ife tinakhulupirira. Kenako mdzukulu wina anati agogowo ankanena okha kuti anabadwa nthawi yokolola. Ma NRC aja atayamba kuperekedwa dziko litalandira ufulu, akuluakulu ambiri sankadziwa tsiku, kalaliki ankangoyerekeza. Mabuku a ubatizo nawonso musawameze osatafuna. A ku mishoni zakale za Dutch Reformed monga Magwero, yomwe inayamba mu 1899, amakuuzani tsiku lobatizidwa, ndipo ambiri ankabatizidwa ali akuluakulu atatha kalasi. Wolemba waulesi amatenga limenelo n'kuika pa kubadwa.

Achikulire Opuma: Pa khadi tikanalemba "bapt." ndi pensulo, nkhani yatha. Kompyuta ikufuna bokosi lililonse lidzaze, ndiye ana amadzaza.

Mwana wa ku Katete: Achikulire akunena zoona pang'ono. Taonani a Kamuzu kwa anansi athu. Boma linkakondwerera 14 Meyi 1906 zaka zonse zija, pomwe ofufuza ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Pepala la boma linalipo, chidindo chinalipo. Ife ku polojekiti yathu tinagawa ma column atatu, chaka, mwezi, tsiku, onse ngati text, ndi lachinayi la komwe tazitenga. Zosatsimikizika timalemba mwa EDTF, kalembedwe kogwirizana ka madeti: 1898~ ngati ndi "cha m'ma", 1898? ngati tikukayika, 189X ngati tikungodziwa zaka khumizo.

Wa ku Katalogu: EDTF ndi yabwino koma muwauze osindikiza, apo ayi ka ~ kadzatuluka m'buku momwemo. Zinatichitikira pa proof, tinakonza ndi manja usiku wonse magetsi atathima.

Achikulire Opuma: Zonsezo ndi "c." ya circa, "cha m'ma", yomwe ife tinkalemba kale. Mwangoipatsa dzina lalitali. Ine ndikuti deti lopanda pepala kumbuyo kwake lisalowe m'buku, basi.

Mwana wa ku Katete: Ndiye Zwangendaba mumuchotsa, achikulire? Chomwe timadziwira kuti Angoni anawoloka Zambezi mu Novembala 1835 ndi kadamsana yemwe makolo ankasimba pakamwa. Pepala linabwera pambuyo.

Achikulire Opuma: Kadamsanayo akatswiri a zakuthambo anachita kuwerengera. Limenelo ndi pepala. Lembani pa khadi.

Amayi a ku Akaivi: Poti tafika kwa mafumu, a mkonzi mwawaika bwanji? Kalonga Gawa Undi ndi mpando, Mpezeni ndi mpando. Mukaika pa dzina la mpando popanda nambala ndi zaka, dedupe, yochotsa mayina obwerezabwereza ija, idzaphatikiza Mpezeni woyamba yemwe anamwalira mu 1900 ndi adzukulu ake. Ndipo musapite ku Mkaika, likulu la Gawa Undi, kukafunsa za mafumu akale ngati mukudzaza fomu, pitani kudzera kwa nduna. Malo obadwira nawonso: wobadwa mu 1930 anabadwira ku Fort Jameson kapena ku Chipata? Broken Hill kapena Kabwe? Ma District Notebook a ku National Archives ali ndi mayina akalewo, owerenga a lero sawadziwa.

Mwana wa ku Katete: Ife timalemba lakale, latsopano pambali pake. Koma Lenshina ali pa L kapena pa M? Dzina lake ndi Alice Mulenga, Lenshina ndi la mpingo, lochokera ku Regina. Tinakangana masabata awiri.

Wa ku Katalogu: Pa L, ndi "onani" pa M. Munthu amafufuza dzina lomwe akulidziwa.

Achikulire Opuma: Makadi awiri. Limodzi loyera, limodzi lachikasu.

Amayi a ku Akaivi: Makadi anu aja ali kuti lero, achikulire? Ndinamva kuti chiswe chinayambira pa A.

Achikulire Opuma: Chinalekera pa C.

Mwana wa ku Katete: A mkonzi mulipo? Mnyamata uja musamukalipire kwambiri, tonse tinayambira pomwepo. Funso lina, kodi amoyo mukuwalowetsa? Oxford DNB, buku la mbiri za anthu otchuka a ku Britain, imatenga omwalira okha, koma kwathu akuluakulu ena akulimbikira kuti alowe adakali moyo, mmodzi watumiza kale CV yake ndi chithunzi.