AS5300 sikuonetsa nambala ya woimba

Wa ku Limbe: Akuluakulu, ndithandizeni. Tili ndi Cisco AS5300, seva yolandira makasitomala a dial-up (olowa pa intaneti poimba foni ndi modemu). Akaunti imodzi ikulowa usana ndi usiku, mwini wake akulumbira kuti si iyeyo. Ndatsegula fayilo ya detail ya FreeRADIUS (pulogalamu ya RADIUS yotsimikizira ndi kulemba olowa), Called-Station-Id (nambala yoimbiridwa) ilipo, koma Calling-Station-Id (nambala ya woimba) mulibe. Ndalakwitsa pati?

Mkulu wa Mawaya: Achimwene, musanayambe kulimbana ndi RADIUS, E1 yanuyo (laini ya digito yochokera ku kampani ya mafoni) ndi ya mtundu wa PRI kapena R2? Seva siingapereke nambala imene siinalandire. Ngati ndi PRI, nambala imabwera mu uthenga wa SETUP pa D-channel, timeslot 16. Lembani debug isdn q931, muimbe nokha, muone ngati Calling Party Number ikutuluka.

Wa ku Limbe: Ndi R2, akulu. Debug imeneyo ili zii.

Mkulu wa Mawaya: Basitu, nkhani yagona pamenepo. Pa R2 nambala ya woimba siibwera yokha, seva imachita kuipempha kwa exchange (makina a kampani ya mafoni olumikiza mafoni), manambala n'kumabwera limodzilimodzi. Onani pa controller e1, mzere wa cas-group (ma IOS, pulogalamu ya Cisco, amene anadza pambuyo pake amati ds0-group). Uyenera kutha ndi r2-digital r2-compelled ani. Kamawu ka ani kameneko, kamene kamauza seva kupempha nambala ya woimba, anthu ambiri amakaiwala chifukwa mafoni amalowa bwinobwino popanda iko. Musinthe usiku, mukachotsa mzerewo onse amene ali pa intaneti adukapo.

Nachisale: Komanso muwaimbire akampani ya mafoni atsegule mbali yawo. Ife tinataya sabata yathunthu tikusinthasintha cas-custom, pomwe exchange sinkatumiza kalikonse.

Wa Linux: Ine ndimangoika AT+VCID=1 pa modemu, mgetty (pulogalamu yoyankha foni pa modemu) n'kudikira foni ilire kawiri, nambala imabwera.

Nachisale: Zimenezo n'za mawaya wamba, achimwene, pomwe nambala imadutsa pakati pa kulira koyamba ndi kwachiwiri. Pa E1 palibe kulira kodikira.

Wa ku Limbe: Zatheka! Ndaika kamawu ka ani cha m'ma 2 koloko usiku, attribute 31 (Calling-Station-Id ija) yayamba kuoneka. Kungoti nambala ikubwera yopanda 0 woyambirira, ndiye nditaimangirira ku akaunti, mwini wake yemwe anakanidwa kulowa.

Mkulu wa Mawaya: Koperani nambalayo ndendende mmene ikuonekera mu detail, osati mmene analembera pa fomu. Nanga wakubayo mwamupeza?

Wa ku Limbe: Nambala zinayi zosiyana, akulu. Imodzi ndi ya ku ofesi kwa mwini wake yemweyo.