Thandizo: bandeji pa mwendo wa ferret wovulala kwambiri

Abale odziwa za ziweto kuno ku Lusaka, ndithandizeni. Ferret (kanyama kakang'ono koweta, ka thupi lalitali) wamphongo wa kilogalamu 1.2 wang'ambika mwendo wakumbuyo ndi waya. Bala ndi lakuya, nyama ikuoneka, ndipo sakupondera pansi. Magazi asiya kutuluka.

Pakali pano balalo likutsukidwa kawiri pa tsiku ndi madzi owiritsa amchere, magalamu 9 pa lita imodzi. Sipiriti ayi, imawotcha minofu yomwe ikufuna kupola. Panado ndi ibuprofen sindikumupatsa, ndi poizoni kwa kanyama aka.

Vuto lenileni ndi bandeji. Ferret amatafuna nsalu ndi pulasitala, ndipo akameza kachidutswa matumbo amatsekeka, mpaka opaleshoni. Mukamanga mothina, zala zimatupa ndi kuzizira. Mukasiya poyera, ndi kutentha kwa Okutobala kuno, ntchentche zimaikira mazira, mphutsi n'kuyamba. Inu mumamanga bwanji kuti asaivule? Kolala ya pakhosi yoletsa kudziluma imakhalitsa pa kamutu kakang'ono chonchi?

Akudyanso pang'ono, zomwe zikundidetsa nkhawa chifukwa chakudya chimadutsa m'mimba mwa ma ferret m'maola 3 kapena 4 basi.

Kodi chipatala cha ziweto cha ku yunivesite ya Zambia (UNZA) chimalandira ma ferret, kapena alipo dokotala wina amene angasoke balali ndi kuunika fupa mawa lomweli?